Anandikaniza buku, kodi si umbombo umenewu?

FUNSO: Akonzi, ine ndili ndi mnzanga wina wake, wamkulu ndithu, anali aphunzitsi koma anapuma, amakhala ku Zomba. Mwezi wathawu anandiitana kuti ndikacheze, ndiye titadya nsima madzulo ananditengera kuchipinda china, mayo ine, mabuku okhaokha kuyambira pansi mpaka kudenga, ena achizungu ena achichewa akalekale omwe tinkangowamva kwa makolo. Magetsi anathima koma tinayatsa kandulo n'kumacheza mpaka usiku, iwo kutsitsa buku ili, kundiwerengera pang'ono, kutsitsanso lina. Koma potsanzikana nditapempha kuti andibwereke limodzi lokha anakana, akuti "muno buku silituluka, ukalifuna uzibwera." Zinandiwawa moti mpaka pano sindinawaimbire. Kodi si umbombo umenewu? Nanga mabuku akale ngati amenewa ndingawapeze kuti?
Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Achimwene, aimbireni madalawo lero lomwe. Munthu waumbombo sangakudyetseni nsima, n'kukulowetsani kuchipinda chimene ena a m'nyumba momwemo mwina salowamo chisawawa, n'kukhala nanu mpaka usiku akukuwerengerani. Anakupatsani ulemu waukulu zedi ndipo inu mwangoona pomwe anakanapo basi.

Taganizani mmene mabukuwo afikira lero. Ambiri a amene munawaonawo, aja ankasindikiza a Dzuka, a CLAIM, a Likuni Press kapena a Popular Publications ku Limbe, anasiya kalekale kusindikizidwa, ukataya limodzi ndiye kuti lapita, ngakhale uli ndi ndalama m'thumba uyendayenda m'mashopu onse osalipeza. Ndiye pali chiswe, mphemvu, chinyontho cha dzinja chija cha ku Zomba, kusamukasamuka poti mphunzitsi amangomutumiza sukulu iyi mawa ina, mabuku ali m'makatoni pa lole. Komanso musaiwale kuti kuyambira 1968 kunali lamulo lopatsa mphamvu Censorship Board kuletsa mabuku, ndipo nthawi ya Kamuzu kupezeka ndi buku loletsedwa zinali zoika moyo pachiswe, anthu a msinkhu wawowo amakumbuka bwino zimenezo. Munthu amene wasunga mabuku kudutsa mu zonsezi ndiye mukuti angolipereka poti mwacheza bwino usiku umodzi? Ife Amalawi timadziwana, buku likabwerekedwa limapita kwa msuweni, kwa msuweni kupita kwa mnzake wa kutchalitchi, pomaliza mupeza mapepala ake akulungira mandasi. Sindikunena inu ayi, koma ndikukhulupirira kuti aphunzitsiwo zinawachitikirapo kale.

Ngakhale malaibulale akuluakulu zimawaonekera. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi moto, mabuku masauzande ambiri anathera pomwepo. Zoterezi zikachitika mashelefu a m'nyumba za anthu ngati anzanuwo ndi amene amatsala akusunga zina zomwe kwina kulibenso.

Anati muzibwera, ndiye pitani. Tengani kope ndi cholembera, kashuga kapena buledi musapite chimanjamanja, khalani pansi muwerenge pomwepo, mukapeza tsamba lokusangalatsani pemphani kaye musanalijambule ndi foni. Ndipo muziwafunsa mafunso, buku ili munaligula kuti, chaka chanji, chifukwa nkhani zomwe angakuuzeni zokhudza mabukuwo simungazipeze ngakhale atakubwerekani shelefu yonse. Kwa ine kucheza kumeneko ndi kumene kuli phindu lenileni, anthu otere akuchepa.

Za kwina kopeza mabuku akale, muli ndi mwayi poti muli mu Blantyre momwemo. Pitani ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe loima palokha lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Kuli mabuku, zithunzi ndi zolemba zakale zokhudza dziko lino, kuphatikizapo magazini yawo yomwe inayamba kutuluka mu 1948. Funsani kaye nthawi yomwe amatsegula ndi malamulo awo musanapite. Ku Zomba komweko kulinso National Archives, komwe boma limasunga zolemba zakale, mutha kudzerako masana kenako madzulo n'kukagogoda kwa aphunzitsi. Koma ngati mukufuna buku loti mupite nalo kunyumba mukawerengere pabedi, kalembetseni ku National Library Service, kumeneko ndiye amabwereketsa, bola muzibweza pa tsiku lake.