Kukaonera ndege ku Bangkok: Don Mueang kapena Suvarnabhumi?

Mwerengi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti mu Febuluwale apita ku Bangkok, likulu la Thailand, kukaoda katundu wa m'sitolo yake, ndipo adzakhala ndi masiku awiri opanda zochita asanabwerere. Kuyambira ali mnyamata ku Blantyre ankakonda kupita ku Chileka kukangoona ndege zikutera, ndipo tsopano ali ndi kamera komanso kabuku kamene amalembamo manambala a ndege zimene waziona. Mafunso ake ndi atatu: apite ku bwalo liti mwa mabwalo awiri a mzindawo, akaime pati, komanso ngati munthu wachilendo wonyamula kamera pafupi ndi bwalo la ndege sangathere m'manja mwa apolisi.

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Popeza masiku ndi awiri ndipo mabwalo ndi awirinso, mungaganize kuti nkhani yatha, tsiku limodzi uku, lina uko. Ine ndikanakhala inu ndikanapereka tsiku lathunthu kwa Don Mueang, ndipo Suvarnabhumi ndikanalipatsa m'mawa umodzi kuphatikizapo maola amene mudzakhale mukudikira ndege yanu yobwerera. Ambiri adabwa ndi yankho limeneli chifukwa Suvarnabhumi ndilo bwalo lalikulu ndi lotchuka, choncho ndifotokoze chifukwa chake.

Suvarnabhumi, limene pa tikiti yanu lalembedwa kuti BKK, linatsegulidwa pa 28 Sepitembala 2006 m'chigawo cha Samut Prakan, pafupifupi makilomita 30 kum'mawa kwa mzinda. Linamangidwa pamalo amene kale anali dambo lotchedwa Nong Nguhao, kutanthauza dambo la njoka za mamba, ndipo dzina latsopanoli, lotanthauza dziko la golide, analisankha ndi Mfumu Bhumibol Adulyadej. Nsanja yake yoyang'anira ndege ndi yotalika mamita 132. Kumeneko ndi kumene kumatera ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali: Boeing 777, Boeing 787 ndi Airbus A350 za Thai Airways, Airbus A380 ya Emirates, ndi ndege za makampani a ku Japan, Korea, China, India ndi Ulaya. Ngati mukudzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines, kumeneko ndi kumene mudzafikire. Vuto lake n'lakuti bwaloli ndi lalikulu mopitirira muyeso kwa munthu woyenda pansi. Misewu ya ndege ndi yotalika mpaka makilomita anayi, mpanda uli kutali, ndipo m'nyumba yodikiriramo ndege magalasi ake ali ndi zitsulo zambiri zimene zimadula chithunzi. Mudzaziona ndege zambiri, koma zochuluka mudzaziona ngati mbalame zili m'mwamba mwa mtengo wa tsidya lina la mtsinje.

Don Mueang, DMK, ndi nkhani ina. Linayamba ngati bwalo la asilikali mu Malichi 1914, ndege zonyamula anthu zinayamba kufikapo mu 1924, ndipo lili m'gulu la mabwalo akale kwambiri padziko lonse amene akugwirabe ntchito. Linatsekedwa kwa ndege za anthu wamba pamene Suvarnabhumi linatsegulidwa, linatsegulidwanso mu 2007, linamizidwa ndi madzi osefukira mu Okutobala 2011, ndipo kuyambira mu 2012, pamene AirAsia inasamukira kumeneko, lakhala kwawo kwa ndege za mitengo yotsika. Muyembekezere Airbus A320 zofiira za Thai AirAsia, Boeing 737 za Thai Lion Air, ndi za Nok Air zimene kutsogolo kwake anajambulako mlomo wa mbalame, pakuti nok m'Chithai ndi mbalame. Ndege zake ndi zocheperapo msinkhu ndipo mitundu yake imabwerezabwereza, zimenezo ndikuvomereza. Koma mzinda unakula mpaka kulizungulira bwaloli, moti nyumba, misika ndi misewu zili pafupi ndi mpanda, ndipo ndege ikamatera imadutsa pamwamba pa madenga mpaka mumatha kuwerenga nambala yake ndi maso okha. Kwa munthu wa kabuku ngati inu, amene chimwemwe chake ndi kulemba HS, chiyambi cha manambala a ndege za ku Thailand, kenako zilembo zitatu, monga mmene kwathu mumalembera 7Q, ndege khumi za mtundu umodzi ndi manambala khumi osiyana.

Pali chinanso chimene simudzachiona kwina. Pakati pa misewu iwiri ya ndege ya Don Mueang pali bwalo la gofu lotchedwa Kantarat, la asilikali a m'mlengalenga a dzikolo. Anthu amasewera gofu ndege zikunyamuka mbali iyi ndi kutera mbali inayo, ndipo pamene afuna kuwoloka njira imene ndege zimadutsa amaimitsidwa ndi nyali yofiira. Nditaliona koyamba ndili pawindo la ndege ndinaganiza kuti maso akundinamiza.

Tsopano funso la poima. Musayambe ndi kufunsa malo, yambani ndi kufunsa mphepo, monga mmene msodzi wa ku Nkhotakota sakankhira bwato m'madzi asanadziwe ngati kukuwomba mwera kapena mpoto. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mphepo yochokera kutsogolo imathandiza mapiko kunyamula ndipo imafupikitsa mtunda wothamanga pansi. Misewu ya mabwalo onse awiri a Bangkok yagona pafupifupi kuchokera kumpoto kupita kumwera. Ya Don Mueang ili ndi manambala 03 ndi 21, ndipo manambalawa ndi madigiri a kampasi atachotsedwa ziro wakumapeto: 03 ndi madigiri 30, kuloza kumpoto chakum'mawa pang'ono, pamene 21 ndi madigiri 210, msewu womwewo koma kuloza kumwera. Miyezi yambiri ya chaka mphepo ya ku Bangkok imachokera kumwera, choncho ndege zimabwera kuchokera kumpoto ndi kutera zikuyang'ana kumwera. M'nyengo yozizirirapo, kuyambira Novembala mpaka chakumayambiriro kwa chaka, mphepo ya kumpoto chakum'mawa imalowa ndipo zonse zimatembenuka. Mwezi wanu wa Febuluwale uli pamalire a nyengo ziwirizi, moti zimene munaona dzulo sizikutsimikizirani za lero. Musanatuluke kuhotela tsegulani pafoni Flightradar24, pulogalamu yoonetsa pamene ndege zili m'mwamba, muyang'ane kwa mphindi zisanu mbali imene ndege zikufolera, ndiyeno mudziwe ngati mukupita kumpoto kapena kumwera kwa bwalo. Munthu amene walumpha zimenezi amalipira takisi kuti akaone ndege zitakwera kale m'mitambo.

Mphepo ikakuuzani mapeto a msewu, dzuwa likuuzani mbali. Popeza misewu yagona kumpoto ndi kumwera, m'mawa muime chakum'mawa ndipo madzulo chakumadzulo, kuti dzuwa likhale kumsana kwanu ndi kuwala pa ndege. Apa ndi pamene Don Mueang limakomera munthu wopanda galimoto. Nyumba zodikiriramo ndege zili kumadzulo kwa bwalo, m'mbali mwa msewu waukulu wa Vibhavadi Rangsit, ndipo sitima ya Red Line, imene inayamba kuyenda mu 2021, imakutsitsani pa siteshoni ya Don Mueang yolumikizana ndi bwalolo. M'mwamba mwa nyumbazo, kumene kuli malo odyera, mufunefune mawindo oyang'ana kumene ndege zimaima. Kuyambira cha m'ma 3 koloko masana mpaka dzuwa litapendeka, kuwala kumakhala kokoma. Pojambula kudzera pagalasi, gunditsani kamera pagalasipo ndipo muvale malaya akuda, kuti chithunzi chanu chomwe chisatulukire pa ndege.

M'mawa wa tsiku limenelo muuthere kum'mawa kwa bwalo, ku nyumba yosungiramo ndege zakale ya Royal Thai Air Force, asilikali a m'mlengalenga aja, pa msewu wa Phahonyothin. Sitima ya mumzinda yotchedwa BTS ili ndi siteshoni yotchedwa ndi dzina la nyumbayo, ndipo mukatsika ndi ulendo waufupi wapansi. Mkatimo muli Curtiss Hawk III, ndege yankhondo ya m'ma 1930 imene ndi yokhayo ya mtundu wake yotsala padziko lonse, pamodzi ndi zina zambiri zimene mungaziyandikire ndi kuzijambula popanda wokufunsani. Mufunse kuhotela masiku amene amatsegula. Ndikumverani chisoni pa chinthu chimodzi chokha: Loweruka lachiwiri la Januwale ndi Tsiku la Ana ku Thailand, ndipo patsikuli asilikali amatsegula mbali yawo ya Don Mueang kuti anthu aone ndege zankhondo. Inu mudzafika zitatha. Ulendo wina mukadzakhala ndi ufulu wosankha tsiku, mudzakumbukire zimenezi.

Ku Suvarnabhumi, sitima ya Airport Rail Link yochokera pa siteshoni ya Phaya Thai mumzinda imakufikitsani mkati mwa bwalo, ndipo siteshoni yomaliza musanafike ndi Lat Krabang, dera la kumpoto kwa misewu ya ndege. Mphepo ikakhala ya kumwera, ndege zotera zimadutsa pamwamba pa dera limeneli, ndipo mahotela ena ang'onoang'ono a kumeneko ali ndi madenga kapena makonde oonekera bwino. Pofuna chipinda, nenani poyera kuti mukufuna choyang'ana ku bwalo. Palinso njira ya njinga ya makilomita 23 yozungulira bwalo lonse, koma inamangidwira opalasa, ndipo ndi kutentha kwa Bangkok sindingakutumeni kumeneko ndi chikwama cha kamera kumsana.

Kutenthako musakuderere. Pofika 10 koloko m'mawa mpweya wa pamwamba pa phula umayamba kuvina, ndipo ndege imene ili kutali imatuluka pachithunzi ngati mwaijambula ili pansi pa madzi. Kamera yodula siithetsa vutoli, koma kuyandikira ndiko kumathandiza, chimene ndi chifukwa chinanso chokondera Don Mueang. Komanso miyezi ya Januwale mpaka Malichi mzindawu umakutidwa kawirikawiri ndi utsi wa magalimoto ndi wa minda yotenthedwa, wofanana ndi umene umaphimba mapiri kwathu mu Seputembala, ndipo thambo limaoneka loyera mbuu. Ubwino wake n'ngwakuti mvula yamphamvu ya pakati pa Meyi ndi Okutobala mudzaizemba.

Funso lanu lomaliza ndi lolemera kuposa enawo, ndipo mwachita bwino kulifunsa musananyamuke. Ku Thailand kuli anthu ambiri okonda kujambula ndege, ndipo munthu wojambula ndege zonyamula anthu ali pamalo a aliyense kawirikawiri sasowetsedwa mtendere. Koma kumbukirani kuti mbali ya kum'mawa ya Don Mueang ndi malo a asilikali, ndipo mukaima pawindo lakumadzulo kamera yanu imakhala italoza komweko. Jambulani ndege ya AirAsia imene ili patsogolo panu, koma nyumba za asilikali, zipata zawo ndi alonda awo muzisiye. Ndege zonyamula a banja lachifumu zimagwiritsanso ntchito mbali imeneyo, ndipo dzikolo lili ndi lamulo lokhwima, gawo 112 la malamulo a milandu, limene limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende kwa wonyoza mfumu. Mukaona apolisi achuluka mwadzidzidzi ndipo magalimoto aimitsidwa, ikani kamera m'chikwama, ndipo musalembe nthabwala za zimenezo pa Facebook. Kandege ka drone musakatenge n'komwe, chifukwa n'koletsedwa kukaulutsa pamtunda wosakwana makilomita 9 kuchokera pa bwalo la ndege popanda chilolezo. Wailesi yomvera zokambirana za oyendetsa ndege nayonso isiyeni kunyumba, foni ikukwanirani.

Kuti muone kuti kabuku kosalakwa kangathe kuoneka mwina m'maso mwa msilikali, mu Novembala 2001 anthu 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands anamangidwa ku Kalamata m'dziko la Greece atalemba manambala a ndege pa bwalo la asilikali. Anaimbidwa mlandu wa ukazitape, anapezeka olakwa mu 2002, ndipo pafupifupi onse anamasulidwa pa apilo chakumapeto kwa chaka chomwecho. Zimenezo zinachitika ku Ulaya osati ku Thailand, koma asilikali a kulikonse amaganiza mofanana pa za mlendo wolemba manambala.

Ine mlonda anandifikirapo kamodzi ndili chiimire pafupi ndi mpanda. Sitinkamvana chinenero, choncho ndinamuonetsa pasipoti, kenako zithunzi za m'kamera chimodzichimodzi, ndipo ataona kuti zonse ndi ndege za anthu anandilozera kuti ndisunthire tsidya lina la msewu. Ndinasuntha osatsutsa. Anthu a ku Thailand amaona kukweza mawu pagulu ngati kudzichotsera ulemu, ndipo mlendo wokangana amakulitsa nkhani imene ikanatha ndi kumwetulira. Yendani ndi pasipoti yanu, khalani ndi dzina la hotela yanu lolembedwa m'zilembo za Chithai, ndipo akakuuzani kuti mufufute chithunzi, fufutani.

Patsiku lobwerera, fikani ku Suvarnabhumi kudakali nthawi yambiri. Mukadutsa poonetsa pasipoti, yendani mpaka kumapeto kwa makonde odikirira, kumene mawindo ali pafupi ndi ndege zoimikidwa, ndipo kumeneko mudzadzaza masamba a kabuku kanu muli pamthunzi. Mukadzafika ku Lilongwe munditumizire manambala amene mwapeza, makamaka a Nok Air, chifukwa m'kabuku kanga alipo ochepa.