Musafulumire kuphwasula injini yakale

Kalata ya bambo wina amene amawerenga zolemba zanga yanditukula chilonda chakale. Akuti galimoto yawo yakale yayamba kufooka pachitunda, pansi pake pakumapezeka madontho a oilo m'mawa uliwonse, ndipo makaniko wawauza kuti injini yonse iphwasulidwe. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, ine ndinavomera zoterezi kalelo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadziguguda pachifuwa. Ndinali ndi Morris Minor ya 1965, ya injini ya 1098cc, imene inkadontha oilo kumbuyo, polumikizirana injini ndi giyabokosi. Poyeza mphamvu yofinyira mpweya m'masilinda, silinda yachitatu inkaonetsa 85 psi pamene zinzake zinali cha m'ma 140. Osafunsa zambiri, ndinagula maring'i, mabering'i ndi magasiketi onse, injini n'kutsitsidwa, galimoto n'kukhala pamiyala miyezi iwiri. Titatsegula tinapeza maring'i akale ali bwinobwino. Cholakwika chinali valavu imodzi ya ekizozi imene inali italowa m'kati mwa hedi, chitsulo chovundikira masilinda pamwamba. Mahedi achitsulo a nthawi imeneyo anapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, ndipo petulo wa masiku ano wopanda mtovu amalola kuti malo amene valavu imakhazikikapo aziperepeseka pang'onopang'ono mpaka mpata wa pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha utatha, valavu n'kumalephera kutseka. Pa injini imeneyi mpatawo umayenera kukhala 0.012 inchi injini itazizira, ndipo ndikanauyeza poyamba ndikanadziwa kuti ntchito yonse inali yochotsa hedi basi.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti pambuyo pa zonsezi oilo anapitiriza kudontha pamalo omwewo. Injini imeneyi ilibe siilo ya labala kumbuyo kwa crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni), ili ndi timizere tozungulira tobwezera oilo m'kati, ndipo timagwira ntchito pokhapokha mpweya wa m'munsi mwa injini ukakhala ndi potulukira. Kapaipi kopumirako kanali katatsekeka ndi litsiro la zaka zambiri. Nditakatsuka ndi palafini, kudonthako kunatsala kadontho kamodzi kapena tiwiri, zimene pa galimoto ya msinkhu umenewo si nkhani.

N'chifukwa chake ndinene mosabisa kuti makaniko wogamula zophwasula injini asanalembe manambala a silinda iliyonse akungolota, ndipo wolipira malotowo ndinu. Sindikuvomerezanso chizolowezi chomangitsa mabawuti pakaoneka oilo. Chivundikiro cha pamwamba pa mavalavu n'chachitsulo chopyapyala, ndipo mukachifinya kwambiri chimapindika, gasiketi n'kuphwanyika, oilo n'kumatsetsereka m'mbali mwa injini kulowera kumbuyo chifukwa cha mphepo, mpaka aliyense n'kumaloza siilo yakumbuyo imene ilibe mlandu. Pamene dontho lagwera si pamene lachokera.

Zoyenera kuchita inuyo

Yezani kaye mipata ya mavalavu. Kenako tenthetsani injini, muchotse mapulagi onse, mudule moto wa ku koilo, muponde akiseleleta mpaka pansi, ndipo silinda iliyonse muiyeze ndi geji injini itazungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Manambala asasiyane kupyola 10 peresenti. Mu silinda yotsikayo thirani kasupuni ka oilo muyezenso: nambala ikakwera kwambiri ndi maring'i, ikakhala pomwepo ndi mavalavu kapena gasiketi ya hedi, makamaka ngati zotsikazo zili ziwiri zoyandikana. Ngati pali makina opopera mpweya, ulowetseni pabowo la pulagi pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka, ndipo mumvetsere kumene ukutulukira. Ku kabureta ndi valavu yolowetsa, ku ekizozi ndi yotulutsa, pothirira oilo ndi maring'i, ndipo thovu mu radiyeta likuloza gasiketi ya hedi kapena mng'alu.

Za oilo, tsukani kapaipi kopumira, mutsukenso injini yonse iume, muwaze paudala pamalo okayikitsa, muyende makilomita ochepa n'kuyang'ana malo apamwamba kwambiri amene anyowa. Dziwaninso kuti maring'i akathadi, mpweya wodutsa m'mbali mwa pisitoni umakankhira oilo kunja, choncho magasiketi atsopano sangathandize kanthu. Pokhapo m'pamene ndingavomereze zimene makaniko wanu wanena. Munditumizire manambala a masilinda onse, oyamba ndi a mutathira oilo, tiwaonere limodzi.