Ankh m'khosi mwa vampaya: kodi Aiguputo akale akanaizindikira?

Owerenga athu ena atilembera kuti m'sewero la pa TV limene akutsatira, mfumukazi ya mavampaya imavala ankh m'khosi ndi mphete ya chikumbu, ndipo imati mtundu wake unayambira ku Iguputo. Akufunsa ngati Aiguputo ankakhulupiriradi za akufa oyamwa magazi.

Ayi ndithu. Nkhani za mitembo yodzuka usiku zinawanda ku Ulaya kuchokera m'midzi ya ku Serbia, akuluakulu a boma la Austria atalemba malipoti onena za akufa awiri amene anthu ankati ndi mavampaya, Petar Blagojević mu 1725 ndi Arnold Paole mu 1732. Za Iguputozi anachita kuzimata pambuyo pake olemba nthano.

Ankh ndi kamtanda kokhala ndi chogwirira chobulungira pamwamba, ndipo m'zolemba za Aiguputo inkaimira moyo. Pa makoma a akachisi mudzaona mulungu ataigwira n'kuiyandikiza pamphuno pa farao kuti ampatse mpweya. Opanga sewero amaitola chifukwa vampaya safa, koma pamenepo m'pamene asokoneza zinthu. Wakufa wa ku Iguputo chimene ankalakalaka ndi dzuwa. Zolemba zimene timazitcha Buku la Akufa eni ake ankati ndi mawu otulukira masana. Ba, mbali ya munthu imene ankaijambula ngati mbalame ya mutu wa munthu, inkatuluka m'manda kukacha n'kubwerera ku mtembo usiku. Vampaya amachita zosemphana ndi zimenezi. Ndipo chakudya cha ka, mphamvu ya moyo ya wakufayo, chinali buledi ndi mowa zimene abale ankapereka kumanda.

Chikumbu chija ndiye chikulakwika koposa. N'chikumbu chogubuduza ndowe, chizindikiro cha Khepri, dzuwa lotuluka m'mawa. Ankachisemanso pamwala n'kuchiika pachifuwa pa mtembo, kunsi kwake atalembako mutu 30B wa Buku la Akufa, wopempha mtima kuti usam'neneze mwini wake pamene ukuyezedwa pa sikelo ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa choonadi ndi chilungamo. Mtembowo unkaumitsidwa mu mchere wa natron masiku pafupifupi 40 mwa masiku 70 a mwambo wonse. Mapapo, chiwindi, chifu ndi matumbo ankazichotsa n'kuziika m'mitsuko inayi, mtima wokha ankausiya.

Woyamwa magazi mmodzi alipo, ndipo n'zodandaulitsa kuti masewero ambiri amamulumpha. M'nthano ya Ng'ombe ya Kumwamba, yolembedwa m'manda a Seti I ndi mafarao ena, anthu anaukira Ra, mulungu wa dzuwa, iye n'kutumiza Diso lake, mulungu wamkazi Hathor, amene pa ukali wake ndi Sekhmet wa mutu wa mkango. Anapha anthu mpaka kukana kuleka. Ra atamva chisoni analamula kuti afulule mitsuko 7,000 ya mowa, ausakanize ndi dothi lofiira la ku Elephantine (chilumba cha mumtsinje wa Nile), authire m'minda usiku. M'mawa Sekhmet anauyesa magazi, anamwa, analedzera, anthu otsala n'kupulumuka. Koma uyu ndi mwana wa dzuwa, mulungu, osati mtembo wodzuka, ndipo ansembe ake ankadziwikanso pa ntchito yochiza matenda.

Mukamaoneranso sewerolo, imitsani chithunzi pamene akuonetsa zolemba za pakhoma. Mbalame ndi anthu a mu mzere umodzi ayenera kuyang'ana mbali imodzi, kumene mzerewo ukuyambira. Zikayang'ana uku ndi uku mwachisawawa, dziwani kuti wojambulayo anangotola zizindikiro zokongola osadziwa kuziwerenga.