Armitage: tililembe bwanji m'Chichewa, nanga kwawo n'kuti?

Mphunzitsi wina wa pasekondale ku Dedza walemba kuti: "Ndikukonza nkhani yachidule ya m'Chichewa yofotokozera ana chifukwa chake timapuma pa 3 Malichi. Dzina la bwanamkubwa wa nthawi imeneyo ndililembe Armitage, kapena Amiteji monga momwe timatchulira? Mwana wina anandifunsanso tanthauzo lake, ine ndinangoti kakasi."

Aphunzitsi, lembani Armitage. Pakamwa pokha mutha kunena Amiteji, palibe angakuimbeni mlandu, chifukwa lilime la Mchewa limafuna kuti phatikizo lililonse lithere pa lembo la liwu. Angerezi ambiri nawonso satchula r ali m'dzinali. Amangokoka a woyambayo, kenako n'kumeza kumapetoko. Koma papepala Amiteji ali ndi vuto limene simungalione msanga. Mwana akaliwerenga aona a waulemu kutsogolo, ndipo aganiza kuti munthuyo dzina lake ndi Miteji, monga timanenera a Mbewe kapena a Gondwe. Tsiku lina adzafuna kuwerenga zambiri za munthuyu m'mabuku kapena pa intaneti, ndipo Miteji sadzamupeza paliponse. Mayina monga Jailosi ndi Filimoni ndi nkhani ina. Amenewo eni ake ndi Amalawi, anawatenga n'kuwaumba okha, ndipo amasayina choncho. Bwanamkubwayo sanasayinepo Amiteji.

Munthu mukunenayo ndi Sir Robert Armitage, amene analamulira Nyasaland kuyambira 1956 mpaka 1961, pakati pa Geoffrey Colby ndi Glyn Jones. Asanabwere kuno anagwira ntchito ku Kenya ndi ku Gold Coast (lero ndi Ghana), kenako anakhala bwanamkubwa wa Cyprus. Ndiye amene analengeza State of Emergency, lamulo lapadera la nthawi ya chipwirikiti, pa 3 Malichi 1959, tsiku limene Dr Banda anagwidwa n'kupita naye kundende ya Gwelo (lero ndi Gweru, ku Zimbabwe), ndipo anthu anaomberedwa padoko la Nkhata Bay.

Tsono tanthauzo. Dzinali ndi la malo, ndipo malowo alipo mpaka lero. Kumpoto kwa England, m'chigawo cha West Yorkshire, chakummwera pang'ono kwa tauni ya Huddersfield, kuli kamudzi kotchedwa Armitage Bridge m'mbali mwa mtsinje wa Holme. Kalekale pamalopo panali pokhala munthu wobindikira. Akhristu a ku Ulaya a nthawi imeneyo anali ndi mwambo woti munthu amatha kusiya mudzi ndi abale, n'kukamanga kachisakasa kapena kukhala m'phanga payekha, moyo wake wonse n'kumangopemphera. Malo otero ankawatcha ermitage, mawu a Chifalansa chakale amene analowa m'Chingerezi Anomani, anthu a kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066. Mukawatsata mpaka kumizu mufika ku Chigiriki, ku mawu akuti eremos, kutanthauza chipululu, chifukwa oyamba kubindikira chotere anali a m'zipululu za Egypt.

Chingerezi cha lero chimalemba mawuwa ndi h kutsogolo, hermitage. Nanga h anapita kuti m'dzinali, ndipo e anasanduka bwanji a? H sanapite kulikonse, kungoti sankamveka n'kale. Afalansa sankamutchula, ndipo alembi ena ankamuika, ena ayi. Za e ndi a, panali nyengo imene Angerezi anayamba kutchula er ngati ar m'mawu ambiri. N'chifukwa chake mzinda wa Derby amaulemba ndi e koma pakamwa amati Darby, ndipo mawu akuti clerk, amene ife tinawasandutsa kalaliki, anabala dzina la Clark. Pa mawu wamba, aphunzitsi ndi osindikiza mabuku anabwezeretsa kalembedwe kakale. Pa dzina la banja palibe anavutika kukonza, ndiye linatsala monga anthu a m'chigwa cha Holme ankalitchulira.

Mwana wochenjera akufunsani kuti: ngati wobindikirayo sankakwatira, adzukulu onsewa anachokera kuti? Muyankheni kuti dzinali si la wobindikirayo, ndi la anthu amene anadzakhala n'kumalima pamalopo. Zili ngati pamudzi pakhale a Yohane awiri, wina muzimuti Yohane wa kuchigayo, ndipo dzinalo limumatirire ngakhale chigayocho chitagwa kalekale. M'zolembedwa zakale za ku England, mayina a mtundu umenewu ankayamba ndi kamawu kakuti de kapena del, kamene ndi "wa ku" wathuyu. Kamawuko kanadzagwa, n'kutsala dzina la malo lokha. Mayina a mabanja ku England anayamba kukhazikika, bambo n'kumasiyira mwana, pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1400, ndipo kumpotoko anachedwerapo kuyerekeza ndi kummwera.

Chimene chimandikoka pa dzinali ndi kakamira wake. Mayina monga Smith anaphuka malo ambirimbiri nthawi imodzi, popeza mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo. Armitage si wotero. George Redmonds, katswiri amene anathera moyo wake akufufuza mayina a ku Yorkshire m'mabuku a matchalitchi ndi a makhoti, anasonyeza kuti mayina ambiri a chigawo chimenechi anachokera pa munda umodzi ndi banja limodzi, ndipo Armitage amawerengedwa m'gulu limeneli. Pa kalembera wa mu 1881, patapita zaka mazana angapo dzinali litabadwa, ochuluka a dzinali anali adakali ku Yorkshire konko, m'matauni a Huddersfield, Leeds, Bradford ndi Dewsbury, ena atangodumpha mapiri a Pennines kulowa ku Lancashire. Chinawasunga ndi nsalu. Chigawochi chinkadya ndalama za ubweya wa nkhosa, poyamba anthu akuomba nsalu m'nyumba zawo, kenako m'mafakitale, ndiye munthu sankafunika kupita kutali kuti apeze ntchito. Ku Armitage Bridge komweko kuli chinyumba chachikulu chimene chinali fakitale ya nsalu ya banja la Brooke.

Ena mwa iwo analemera. Mu 1565 John Armytage anagula malo a Kirklees, amene kale anali a masisitere mfumu Henry VIII isanatseke nyumba za amonke ndi masisitere, ndipo nthambi imeneyo imalemba dzinali ndi y mpaka pano. Musadabwe nazo, nthawi imeneyo i ndi y ankangosinthana malinga ndi dzanja la mlembi. Elkanah Armitage, mwini mafakitale a thonje, anakhala meya wa Manchester kuyambira 1846 mpaka 1848. Dokotala Thomas Rhodes Armitage, wa banja la ku Leeds, maso ake atayamba kufooka anayambitsa mu 1868 bungwe limene lero ndi Royal National Institute of Blind People, ndipo anathandiza kwambiri kuti zilembo za Braille, zowerengera anthu osaona, zifalikire ku Britain.

Kunja dzinali linayenda ndi zombo za Angerezi, monga anayendera mayina ena onse. Ku Chicago kuli msewu wa Armitage Avenue, ndipo Richard Armitage anali wachiwiri kwa nduna yoona za kunja ya United States kuyambira 2001 mpaka 2005. Ku Melbourne, banja la Armytage linakhala m'nyumba yotchuka ya Como House kuyambira 1864 mpaka 1959. Linafika ngakhale kumene sikukhala anthu: ku Antarctica kuli Cape Armitage, dzina lokumbukira Albert Armitage, wachiwiri kwa Robert Scott pa ulendo wa chombo cha Discovery wa 1901 mpaka 1904. Koma ngati mufuna umboni woti chitsa chidakali pomwe chinali, nawu. Mlakatuli amene anasankhidwa kukhala Poet Laureate, mlakatuli wamkulu wa United Kingdom, mu 2019 ndi Simon Armitage, wobadwira ku Huddersfield mu 1963 n'kukulira ku Marsden, mtunda woti munthu wolimba miyendo atha kuyenda wapansi kukafika ku Armitage Bridge.

Funso lachiwiri lachokera kwa pulambala wa ku Blantyre, ndipo landiseketsa: "M'nyumba zakale ndikamakonza masinki ndi matoileti ndimapeza palembedwa Armitage Shanks. Kodi bwanamkubwa uja anali ndi kampani ya zimbudzi?"

Ayi, achimwene, mlandu umenewo musamusenzetse. Armitage wa pasinkiyo si munthu, ndi mudzi wa ku Staffordshire, pakati pa England, pafupi ndi Rugeley ndi Lichfield. Kumeneko kunatsegulidwa fakitale youmba ziwiya zadothi mu 1817, imene inadzatenga dzina la mudziwo. Mu 1969 inaphatikizana ndi kampani ya Shanks ya ku Barrhead, kufupi ndi Glasgow, n'kukhala Armitage Shanks. Mudziwo unatchedwa choncho chifukwa nakonso kunali wobindikira wake, pafupi ndi mtsinje wa Trent. Mawu ndi amodzi, koma malo ndi awiri otalikirana, ndipo palibe ubale wa magazi. Kufanana kwa zilembo kumanamiza. Amene mwakhalako ku Johannesburg mwina munakumanapo ndi Phiri amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa: m'Chisutu ndi m'Chitswana phiri ndi fisi.

Funso lanuli latipatsa mpata wokumbutsana za ku ndi kwa. Malo amatenga ku, munthu amatenga kwa. Sinki inapangidwa ku Armitage. Kalata inapita kwa a Armitage. Ndi lamulo lomwe lija limatichititsa kunena kuti ku Dedza koma kwa Kachindamoto, popeza Kachindamoto ndi mfumu. Dzina likakhala la malo komanso la munthu, monga ili, kamawu kameneka ndi kokhako kouza wowerenga chimene mukutanthauza.

Mayi wina amene amamasulira nkhani pa wailesi wafunsa ziwiri: "Kodi ndinganene kuti Armitage ndi chiwongo cha Chingerezi? Nanga ndikafuna kunena anthu ambiri a dzinali ndinene bwanji, poti 'a Armitage' akumveka ngati munthu mmodzi?"

Mayi, chiwongo ayi. Nenani dzina la bambo kapena dzina la banja. Chiwongo, chimene ena amati mfunda, chimagwira ntchito zimene dzina la Mngerezi siligwira. Timathokoza nacho munthu akatipatsa chakudya. A Banda awiri akakumana m'basi, mmodzi wa ku Kasungu wina wa ku Chipata, amayamba kuitanana achibale asanafunsane n'komwe za midzi. Chili ndi mtundu wake wa amayi, Nabanda, Naphiri, Nambewe, ndipo Naphiri amakhalabe Naphiri ngakhale akwatiwe kwa a Mwale. Ku England mwambo wakale ngwakuti mkazi akakwatiwa amasiya dzina la bambo ake n'kutenga la mwamuna, ndipo a Armitage awiri osadziwana akakumana m'sitima sapatsana ulemu wapadera uliwonse. N'zoona kuti masiku ano ambiri a ife tinaika chiwongo pa chitupa ngati dzina la bambo, ndiye ziwirizi zayamba kusakanikirana m'maganizo mwathu. Koma kusakanikiranako kuli mbali imodzi. Phiri atha kukhala dzina la bambo, Armitage sangakhale chiwongo.

Pa funso lanu lachiwirilo mwagunda pamene Chichewa chimagwiritsa a mmodzi pa ntchito ziwiri, ulemu ndi kuchuluka. "A Armitage anafika" atha kukhala bambo mmodzi wolemekezeka kapena gulu, ndipo mneni sakuthandizani chifukwa naye amayamba ndi a. Njira yake n'kuwonjezera mawu otsekera kukayika. Ngati ndi a nyumba imodzi, nenani banja la a Armitage. Ngati ndi onse omwazikana padziko, anthu a dzina la Armitage. Ngati mwawatchula kale, a Armitage awiriwa, kapena a Armitage a ku Yorkshire. Polemba musaope a awiri otsatanawo. Waulemuyo ndi wamng'ono ndipo amaima payekha, wa dzina ndi wamkulu. Mukachotsa mmodzi poganiza kuti abwerezedwa, mwina mwachotsa ulemu, mwina mwadula dzina.

Ziwiri zoti mupewe. Musabwereke s wa Chingerezi n'kumati "a Armitages", kuchulukitsa kawiri. Musanenenso "ma Armitage" pokamba za anthu. Ma- ameneyu timamuika pa katundu wa mayina obwereka, ma Toyota, ma Nokia, ndiye ma Armitage ndi masinki a apulambala aja.

Popeza mumawerenga nkhani pa wailesi, onjezanipo ichi. Ulemu wa Sir umayenda ndi dzina loyamba, osati la bambo. Ndi Sir Robert kapena Sir Robert Armitage, koma "Sir Armitage" kulibe. M'Chichewa mukhoza kunena a Sir Robert Armitage koyamba, kenako muzingoti a Armitage kapena bwanamkubwayo.