Kodi nthano zomenyera ufulu wa amayi zimadana ndi chipembedzo?

Mphunzitsi wina watitumizira imelo. Ophunzira ake akuti mabuku a nthano onena za ufulu wa amayi amangonyoza chipembedzo ndi amuna, ndiye akufunsa kuti awayankhe bwanji.

Aphunzitsi, musayambe ndi kuwatsutsa. Apatseni anthu awiri a chipembedzo chimodzi kuti awayerekeze. Mu Purple Hibiscus, buku la Chimamanda Ngozi Adichie la 2003, Eugene ndi mlongo wake Ifeoma onse ndi Akatolika. Eugene akuthira madzi otentha pa mapazi a mwana wake Kambili chifukwa chogona nyumba imodzi ndi agogo ake osatembenuka. Ifeoma naye amapemphera kolona, koma kwake ku Nsukka ana amaseka, amafunsa mafunso patebulo, ndipo agogo omwewo amasamalidwa. Mpingo ndi umodzi. Chimene wolemba akulozapo chala ndi mwamuna amene wadzisandutsa womasulira mawu a Mulungu m'nyumba, popanda womufunsa.

Buku la Mariama Bâ wa ku Senegal, So Long a Letter, lomwe linatuluka m'Chifalansa mu 1979, limaonetsa izi bwino koposa. Ramatoulaye akulemba kalata ali m'masiku olira mwamuna wake Modou, miyezi 4 ndi masiku 10 monga Chisilamu chimalamulira, ndipo mwambowo akuusunga. Chomuwawa n'chakuti Modou atakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo, anamutaya ndi ana 12 osabweranso, pomwe chipembedzo chomwecho chimafuna kuti akazi awasamale mofanana. Mlamu wake Tamsir atafuna kumulowa chokolo, mayiyu anakana poyera, Mulungu wake osamusiya. Apa funsani ophunzira: waswa lamulo la chipembedzo ndani?

Kenako atsate ndalama. Alembe dzina la mkazi aliyense, pambali pake alembe amene amamulipirira sukulu kapena nyumba. Mu Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga, Tambu akulima yekha chimanga kuti apeze fizi, pomwe mlongo wake wamwamuna akuphunzira.

Nkhani za kugonana ndi zimene zimatenthetsa kalasi. Mukafika pa Under the Udala Trees ya Chinelo Okparanta, momwe Ijeoma akukonda mtsikana mnzake ndipo amayi ake akumuwerengetsa Baibulo kuti asinthe, funso lakuti "n'tchimo kapena ayi" limatseka zokambirana nthawi yomweyo, chifukwa aliyense amangobwereza zomwe anabwera nazo. Funsani kuti akulamula thupi la mtsikanayu ndani, ndipo akakana chimuchitikira n'chiyani.

Palinso pomwe ambiri amaphonya: amafuna mkazi wopambana pamapeto. Beatrice, amayi a Kambili, akumuthirira Eugene poizoni mu tiyi, ndipo mwana wawo Jaja ndiye akupita kundende. Wophunzira akalemba kuti kumeneku ndi kumasuka, mubwezereni ku masamba omalizawo akaone momwe mayiyu wasiyidwira, ndi zaka za kukhala chete zomwe zinamufikitsa pamenepo.