Kodi sikelo ingandiuze ngati palafini wathiridwa petulo?

FUNSO: Akonzi, ndimagulitsa palafini wa m'mabotolo pamsika wa kwathu, ndipo ndimapikula kwa anyamata oyenda ndi zigubu. Mwezi watha mayi wina anadzadandaula kuti nyali yake ya koloboyi inalilima mwadzidzidzi atangoiyatsa, mpaka moto unamuwaula m'manja. Alamu anga akuti ndigule sikelo chifukwa palafini wothiridwa petulo amapepuka. Kodi zimenezi n'zoona, nanga sikeloyo ingateteze makasitomala anga? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanagulitsenso botolo lina, pakuti nkhaniyi ikukhudza miyoyo ya anthu. Alamu anu anena zoona, koma zoonazo zili ndi malire ake, ndipo ngozi yagona pa malire amenewo.

Chinthu chilichonse chamadzimadzi chili ndi kulemera kwake pa lita imodzi, kumene akatswiri amakutcha density. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Lita ya petulo imalemera magalamu apakati pa 720 ndi 775, ya palafini imakhala pafupifupi magalamu 800, pamene ya dizilo imayambira pa magalamu 820 kufika cha m'ma 845. N'chifukwa chake chigubu cha malita 20 chodzaza petulo chimalemera pafupifupi makilogalamu 15 okha, pamene chodzaza madzi chimafika makilogalamu 20, ndipo n'chifukwa chakenso mafuta onsewa amayandama pamwamba pa madzi.

Oyeza mafuta sadalira sikelo ya pamsika. Amathira mafuta m'chibotolo chachitali chagalasi n'kuyandamitsamo kachipangizo kotchedwa hydrometer, komwe ndi kandodo kagalasi kolemera kumunsi kwake ndiponso kolembedwa manambala m'mbali. M'mafuta opepuka kamamira kwambiri, m'mafuta olemera kamatumphuka, ndipo woyezayo amawerenga nambala imene yalingana ndi pamwamba pa mafutawo. Amayezanso kutentha kwake, chifukwa mafuta akatenthedwa amafufuma, motero lita ya petulo yoyezedwa masana ku Nsanje imapepukirapo poyerekeza ndi yoyezedwa m'mawa ku Dedza. Pofuna kuti pasakhale mkangano, zotsatira zonse amaziwerengera ngati kuti anayeza mafutawo ali pa madigiri 15.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti munthu wathira lita imodzi ya petulo wa magalamu 740 m'malita 19 a palafini wa magalamu 800. Lita imodzi ya zosakanizazo idzalemera magalamu 797, kutanthauza kuti yapepuka ndi magalamu atatu okha. Sikelo yoyezera nyemba kapena ufa singaone kusiyana kumeneku, ndipo ngakhale hydrometer ingaonetse nambala yooneka yabwinobwino, popeza palafini weniweni amasiyananso pang'ono kulemera malinga ndi kumene anayengedwa. Komatu petulo wochepa chonchi ndi wokwanira kusandutsa nyali kukhala chinthu choopsa m'nyumba. Palafini wabwino satulutsa nthunzi yogwira moto mpaka atatentha kufika pafupifupi madigiri 38, pamene petulo amaitulutsa ngakhale pa madigiri 40 kunsi kwa ziro. Akasakanizidwa, nthunzi ya petuloyo imadzaza m'botolo la nyali, ndipo machesi akangoyandikira moto umalilima monga unachitira kwa kasitomala wanu.

Choncho kuyeza kulemera kumagwira wakuba amene wathira petulo wambiri, ndiponso kumathandiza kusiyanitsa petulo ndi dizilo ngati zigubu zasokonekera, koma pakokha sikungatsimikizire kuti palafini alibe ngozi. Chimene chimatsimikizira ndi kuyeza kutentha kumene nthunzi yake imayamba kugwira moto, komwe amati flash point, ndipo kumeneku kumachitikira ku labotale ndi zipangizo zake. M'dziko muno bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limakhazikitsa miyezo ya katundu, pamene la MERA limayang'anira malonda a mafuta, ndipo dandaulo lanu mukhoza kulipereka kumeneko.

Malangizo anga ndi akuti palafini amene watsala musamugulitsenso. Musungeni m'chigubu chotseka bwino, pamthunzi, kunja kwa nyumba yogona ndiponso kutali ndi mbaula, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya umene timapuma, motero imayenda chapansipansi mpaka kukapeza moto uli pakona ya khitchini. Chonde musamuyese poyatsa machesi monga ena amachitira, ndipo ngati moto wa mafuta wabuka muuzimitse ndi mchenga kapena dothi, osati madzi, amene amangouyandamitsa n'kuufalitsa. Mtsogolomu muzipikula pamalo ovomerezeka ogulitsira mafuta, muzitenga lisiti, ndipo chigubu chimene chinasungapo petulo musathiremo palafini ngakhale chikuoneka chouma.