Apolisi akaletsa shoo ndi pakamwa pokha, khoti limayang'ana chiyani?

Achimwene, pepani kwambiri ndi zimene zakuonekerani. Kwa amene sanaone funso: mnzathuyu anakonza shoo kuno ku Chipata, analembera apolisi kalata kutatsala masabata awiri, malo analipira, matikiti anagulitsa, oimba ochokera ku Lilongwe anali atadutsa kale pa Mwami. Tsiku lomwelo cha m'ma 15 koloko, anyamata akuyesa zokuzira mawu, apolisi anafika n'kunena kuti zonse zithe "pa zifukwa za chitetezo". Pepala sanasiye. Akufunsa ngati apolisi ali ndi mphamvu yotere, komanso ngati nkhaniyi ingapite kukhoti. Ine si loya, koma ndinagwira ukalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri, ndipo mafayilo amtunduwu ndawanyamulapo.

Tiyambe ndi mawu akuti "pemiti" amene adzaza m'makomenti. Lamulo limene apolisi amatsamira ndi Public Order Act, la mu 1955, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Kale linkafunadi chilolezo. Koma pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake 7, mmodzi wa iwo ali a Kenneth Kaunda, Supreme Court motsogozedwa ndi a Matthew Ngulube inagamula kuti kukakamiza anthu kupempha chilolezo kwa wapolisi asanasonkhane kukusemphana ndi ndime 20 ndi 21 za malamulo aakulu a dziko, zoteteza ufulu wolankhula ndi wosonkhana. Cholakwika chinali chakuti wapolisi ankatha kuvomera kapena kukana mmene wadzukira, popanda malire alionse. Mu 1996 lamulo linasinthidwa, ndipo chimene chinatsala ndi kudziwitsa apolisi kutatsala masiku 7. Kudziwitsa, osati kupempha. Apolisi akaona kuti sangathe kulondera msonkhanowo, ayenera kukuyankhani molemba kukadali masiku angapo, atchule zifukwa, ndipo akupatseni tsiku ndi nthawi ina. Werengani mzere umenewu kawiri, chifukwa mlandu wanu wagona pamenepo. Inu anakuuzani tsiku lomwelo, pakamwa, osapereka tsiku lina.

Izi zinayesedwapo kale. Madokotala a Resident Doctors Association atafuna kuguba ku Lusaka, apolisi anawakaniza osatsata ndondomeko, kenako n'kuwamanga. Mu 2003 Supreme Court inati olakwa anali apolisi. Mu 2016 Law Association of Zambia inayesa kugwetsa zigawo za lamuloli, khoti linakana, koma linanena poyera kuti vuto lili pa mmene apolisi amaligwiritsira ntchito. Nkhani yoika lamulo latsopano la Public Gathering yakambidwa kwa zaka, choncho loya adzayamba waona lamulo limene linali kugwira ntchito tsiku la shoo yanu.

Palinso funso lina limene ine limandisangalatsa. Kodi shoo ndi "msonkhano"? Mu Public Order Act, msonkhano ndi kukumana kwa anthu pofuna kukambirana kapena kupereka maganizo pa nkhani zokhudza anthu onse. Anthu amene alipira pageti kuti avine mkati mwa mpanda sanabwere kudzakambirana za mtengo wa feteleza. Loya wochenjera akhoza kufunsa kuti, ngati shoo si msonkhano, nanga apolisi anatenga kuti mphamvu yoiletsa? Boma lidzayankha kuti lamulo limakambanso za kusonkhana kwa anthu, ndipo apolisi ali ndi udindo wosunga bata. Apa ndiye pamakhala kukokanakokana kwenikweni. Ine ndimalangizabe aliyense kulemba kalata ija, chifukwa mukamwetsa anthu mazanamazana usiku mumawafuna apolisiwo.

Tsopano za khoti. Njira imene mukufunsa imatchedwa judicial review, ndipo imapita ku High Court, osati kwa majisitireti. High Court tili nayo kuno ku Chipata, simukufunika basi ya ku Lusaka. Amene mumamusumira ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, m'malo mwa bomalo. Amene akulemba kuti "boma silisumiridwa" akungokuopsezani.

Chimene anthu ambiri samvetsa ndi ichi. Jaji safunsa ngati shoo yanu inali yabwino, kapena ngati iye akadakhala wapolisi akadailola. Amayang'ana mmene chiganizo chinapangidwira. Pa mlandu wa Derrick Chitala mu 1995, Supreme Court inatsimikiza mafunso atatu amene makhoti athu amatsata. Kodi amene analetsayo anali ndi mphamvu m'malamulo, ndipo anaigwiritsa ntchito pa cholinga chake? Kodi chiganizocho ndi chopanda mutu moti munthu woganiza bwino sakanachipanga? Kodi ndondomeko inatsatidwa, ndipo munapatsidwa mpata wonena mbali yanu? Funso lachiwirilo ndi phiri. Wapolisi akangolumbira kuti tsiku limenelo apolisi anzake ambiri anali ku ntchito ina, jaji savutika kukhulupirira, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Yesani kuika shoo kumapeto kwa February pamene aliyense ali ku Mtenguleni ku Nc'wala, kapena kumapeto kwa August nthawi ya Kulamba ku Mkaika, muone ngati mungapeze wapolisi wopuma. Koma funso lachitatu ndi losavuta kuliona. Kalata ilipo kapena palibe. Masiku amene lamulo limafuna anakwana kapena sanakwane.

Musanalowe mlandu weniweni mumayamba mwapempha khoti kuti likuloleni kuutsegula. Kwathu timati mlandu suola, koma uwu umaola. Malamulo amati mufulumire, ndipo musapyole miyezi 3 kuchokera tsiku la chiganizocho. Ngakhale mkati mwa miyezi 3 jaji akhoza kufunsa kuti munali kuti masiku onsewa. Chinanso chimene chimagwetsa anthu: Public Order Act ili ndi njira yake ya apilo, kwa nduna ya Home Affairs, imene iyenera kuyankha m'masiku 5, kenako ku High Court m'masiku 30. Loya wa boma adzaimirira n'kunena kuti munalumpha njira imeneyi. Yankho lanu ndi lakuti munthu amene wauzidwa 15 koloko kuti shoo ya 19 koloko yaletsedwa alibe nthawi yolembera nduna. Ndi yankho lomveka, koma likonzedwe pasadakhale.

Nanga mudzapeza chiyani? Ndikuuzeni zoona, achimwene, madzi akatayika saoleka. Shoo inapita. Khoti lingafafanize chiganizocho, kapena kulengeza kuti apolisi anachita zosemphana ndi lamulo. Chipukuta misozi chimatheka ngati mwachipempha m'mapepala ndipo mwaonetsa zimene munataya, koma ndalama za boma zimayenda ngati nkhono. Loya angaonenso njira ya ndime 28 ya malamulo aakulu a dziko, yodandaula ku High Court kuti ufulu wanu unaphwanyidwa. Mukadauzidwa kukadali masiku, nkhani ikadakhala ina. Lamulo la State Proceedings Act sililola injakishoni yoletsa boma, komabe jaji akakulolani kutsegula judicial review akhoza kulamula kuti chiganizo cha apolisi chiyambe chaima. Ndi chifukwa chake kuletsa kwa mphindi yomaliza kumapweteka chonchi, kumakulandani ngakhale mpata wothamangira kukhoti.

Musanalipire loya, dzifufuzeni nokha. Nthawi zambiri wapolisi amangokhala wotumidwa, chiganizo chili cha ofesi ina. Oimba akunja amafuna chilolezo cha National Arts Council ndi mapepala a Immigration, ndipo kuyandikana kwathu ndi Mchinji sikuchotsa zimenezo. Mukukumbuka mu 2018 Zodwa Wabantu, wovina wa ku South Africa, anabwezedwa atafika ku Lusaka, ndipo chaka chomwecho Koffi Olomide analetsedwa kudzaimba. Zimene zija sizinali za Public Order Act. Mowa uli ndi laisensi yake ya khonsolo pansi pa Liquor Licensing Act ya 2011, ndi maola ake. Kukagwa kolera, kapena monga zinalili ndi Covid mu 2020, a zaumoyo amatha kuletsa misonkhano kudzera mu Public Health Act. Ndipo ngati pamalo pabuka ndewu, mabotolo akuuluka, apolisi akhoza kutseka pompo, palibe jaji amene angawadzudzule. Ngati pepala limodzi mwa amenewa linali losakwana, boma lidzalitulutsa kukhoti ngakhale kuti tsiku lija sanalitchule, ndipo mukaluza mukhoza kulipira ndalama za mlandu.

Ngati zonse zinali bwino, chitani izi sabata ino. Pezani kope ya kalata yanu ija, makamaka ngati ili ndi chidindo cha tsiku limene anailandira. Lembani kwa mkulu wa apolisi kupempha zifukwa molemba, ndipo akadinde kope yanu. Akapanda kuyankha, kusayankhako kudzalowanso mu fayilo. Lembani lero, mutu ukadakumbuka, nthawi imene anafika, nambala ya galimoto, mawu amene ananena ndi amene analipo. Sonkhanitsani malisiti a malo, a jenereta, a malo ogona oimba, ndi mauthenga a mobile money a ndalama zimene munabweza kwa anthu. Ngati thumba lauma, Legal Aid Board ili ndi ofesi kuno, a Human Rights Commission aliponso, ndipo madandaulo okhudza khalidwe la apolisi amapita ku Police Public Complaints Commission. Ingodziwani kuti kudandaula kumeneko sikuimitsa kuwerenga kwa miyezi 3 ija.

Simunatchule chinthu chimodzi: kalata yanu inadindidwa, kapena munangoisiya pa kauntala? Tiuzeni zimenezo, ndi tsiku lenileni la shoo, tiwerenge limodzi masiku amene atsala.